Mawu a Fainesi Pamwamba pa Kabati

Lolemba

Sabata ino ndimaliza. Ndalumbira.

Kapulogalamu ka kwaya kakugwira ntchito! Ndakapanga ndekha ndikaweruka kusukulu, ine mphunzitsi wa masamu wa kuno ku Nsaru, amene sindinapondepo m'kalasi ya makompyuta. Munthu amajambula mawu ake pafoni, sopulano payekha, aluto payekha, tena, besi. Aliyense amamvera gawo lake kunyumba uku akuswa mtedza. Ukafuna nyimbo yathunthu ungodina, mawu onse alira pamodzi. A Chiwaya, amene amatiphunzitsa nyimbo, akuti umenewu ndi ufiti wololedwa mumpingo.

Seva yake, kompyuta yosunga mawu onsewo, ndi laputopu yanga yakale, yosweka sikirini, batire yake inafa kalekale. Ili pamwamba pa kabati, ikudya moto wa sola.

Chatsala n'chimodzi, chikalata cha chinsinsi. Ku sitolo ya mapulogalamu akuti sangakalandire popanda tsamba lonena zimene ndimatenga kwa anthu, kumene ndimazisunga, ndi amene amaziona.

Zochita sabata ino:
- Kulemba chikalatacho (mawa basi, si nkhani).
- Kuchiwerenga ku kwaya.
- Kuchitumiza kwa aliyense amene mawu ake ali pa seva. Aliyense!

Ndikati aliyense ndiye kuti ndi Fainesi yemwe. Anali aluto wathu, ankaphunzitsa Chingerezi pasukulu pathu, ndiye anamusamutsira ku Kasungu mvula isanayambe. Tikatuluka ku kwaya tinkayenda limodzi mpaka pa chigayo, pamene njira zathu zimasiyana, ndipo tinkaima pamenepo mpaka wachigayo kutseka. Atapita, mauthenga anayamba kufupika, kenako anauma. Miyezi yonseyi ndakhala ndilibe chifukwa chomulembera. Tsopano ndili nacho, ndiponso n'chalamulo.

Ndamusowa. M'kabuku muno ndinganene.

Lachiwiri

Nzeru zandibwerera ndikutsuka mkamwa: ndivutikirenji? Ndapeza chikalata cha kampani ina yaikulu pa intaneti, ndakopera chonse, ndasintha dzina lokha. Ntchito yatha tiyi asanazizire!

Ndasindikiza pamsika, masamba ambirimbiri, ndakawapatsa a Chiwaya kuti ayamikire. Avala magalasi. Akuwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, ngati malangizo a mankhwala opopera fodya.

"Aphunzitsi, maofesi athu a kunjawa ali dziko liti? Ine sindinaitanidwepo."

Atembenuza tsamba.

"Nanga anzathu amalondawa, amene tikugawana nawo mayina a anthu, ndi ndani? Ndi a Mangani a pagolosale?"

Zimene chikalata chokopera chikunena kuti ndili nazo:
- maloya
- nthambi m'maiko angapo
- akatswiri olondera makompyuta
- dipatimenti yolandira madandaulo

Zimene ndili nazo:
- kabati
- loko wa njinga

Ndaphunzira. Usakopere chikalata cha mwini. Umalonjeza zinthu zimene ulibe, n'kuvomeranso milandu imene sunapalamule. Mapepalawo ndawapatsa amayi ogulitsa zitumbuwa.

Ndayamba uthenga wa Fainesi. "Wokondedwa wogwiritsa ntchito pulogalamu yathu." Ndafufuta "wokondedwa". Ndabwezera. Ndafufutanso.

Lachitatu

Lero ndilemba zoona zokhazokha, m'Chichewa, zoti ndi a Nabanda omwe amve. A Nabanda ndi eni nyumba imene ndikukhalayi, ndiponso ndi sopulano wamkulu, amene mawu awo amafika kumsewu popanda foni.

Koma kuti ulembe zoona uyenera kudziwa kaye zimene kapulogalamu kako kamatenga. Ndatsegula kuti ndione. Mayo ine! Kamapempha zithunzi za munthu, mayina onse a m'foni mwake, ndi malo amene ali. Zinabwera ndi chitsanzo chimene ndinaphunzirirapo, ine osaona n'komwe. Kwaya ikufuna zithunzi za munthu zantchito yanji?

Zithunzi ndachotsa. Mayina ndachotsa. Kufika pa malo, dzanja lachita kaye ulesi. Kadontho kamodzi pa mapu, kungodziwa kuti ali ku Kasungu komweko, kuti lero wapita kumsika, kuti wabwerako. Sindikanamutsatira ayi, kungoona chabe. Ndapita kukamwa madzi, ndabwera, ndachotsa. Chimene ntchito yako sikufuna usatenge, ngakhale mtima ukukuwa kuti tenga.

Chikalata tsopano chili chonchi:
1. Ndimasunga dzina lanu, nambala ya foni, ndi mawu amene mwajambula. Basi.
2. Zonsezi zili pa laputopu, pamwamba pa kabati, kunyumba kwanga.
3. Palibe wina amafikapo. Pasiwedi ndimaidziwa ndekha.
4. Ine nditha kumva mawu a aliyense payekhapayekha.
5. Mukandiuza kuti ndifufute zanu, ndifufuta tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndi zimene zili pa fulashi yosungira zomwe.

Pasiwedi ndaisintha lero lomwe. Inali dzina la munthu wina wake, loti ndi mwana wa Fomu 1 yemwe akanalilota.

Ndime yachisanuyo ndikunyada nayo. Makampani akuluakulu abwere ku Nsaru adzaphunzire!

Nditaweruka ndamvera aluto wa Fainesi, pofuna kuona ngati seva ikuyenda bwino. Ikuyenda bwino. Pakati pa nyimbo amalakwitsa, n'kuseka, n'kunena kuti "dikirani ndiyambenso". Seva ndaiyesa kangapo. Pa zinthu za makompyuta munthu umayenera kutsimikiza.

Lachinayi

Mitambo chichereni. Kuzizira kwa Juni kolowa m'mafupa. Batire ya sola ikungoti tswii, tswii.

Ndili m'kalasi, foni ikunjenjemera m'thumba osapuma. Atena: "Sizikutseguka." Abesi: "Kangokhalira kuzungulira." A Chiwaya: "Lamulungu tiimba chiyani, aphunzitsi?"

Nthawi ya buleki ndathamangira kunyumba. Zimene ndapeza:
- A Nabanda azula chingwe cha seva kuti atchaje foni yawo. "Chinali chakuda bii, aphunzitsi, ine ndimayesa n'chakufa."
- Nkhuku yawo yatulukira kuti pamwamba pa kabati n'pofunda. Yakhala pa laputopu penipeni. Yaikira!
- Kafani koziziritsa laputopu kadzaza fumbi la mtedza ndi nthenga.

Ndime yachitatu ikuti palibe wina amafikapo. Nkhuku ndiilembemo?

Ndalumikiza chingwe, laputopu yayaka, koma mafayilo ena akukana kutseguka chifukwa moto unazimira pakati pa ntchito. Ndafufuza. Masopulano alipo, atena alipo. Aluto wa Fainesi palibe! Ndakhuthula madirowa, ndakwawa pansi pa bedi, fulashi ndakaipeza m'kapu ya mabatani. Zonse zilimo. Ndabwezeretsa, ndadina, wayamba kuimba, walakwitsa, waseka. Ndakhala pansi pa simenti pomwepo, belu la sukulu likulira kutali, ana anga a masamu akusangalala kuti aphunzitsi asowa.

Malangizo kwa aliyense wofuna seva ya kunyumba:
- Sunga zinthu pawiri, ndipo uzidziwa pamene waika chachiwiricho.
- Chingwe chake uchimate ndi tepi, ulembepo kuti OSAZULA.
- Uziipukuta fumbi.
- Tseka zenera.

Dzira ndawabwezera a Nabanda. Tsiku latha chikalata chisanapite kwa munthu.

Lachisanu

Kwaya, masana, m'kalasi ya Sande sukulu. Ndavala taye. Ndaimirira kutsogolo kuwerenga chikalata changa.

Ndime yoyamba, mitu ikuvomera. Yachiwiri, aseka pang'ono za kabati. Yachinayi, chipinda chonse zii.

Mayi Phiri a sopulano: "Ndiye kuti mumandimva ndekhandekha eti, popanda anzanga ondiphimba?"

A Mangani a besi: "Ine ndinajambula ndili ndi chimfine. Chotsani."

Mayi wina kumbuyo, motsitsa mawu: "Kumapeto kwa yanga ndikuwakalipira bambo akunyumba. Ndimayesa foni yazima." Inde, ndikudziwa. Nkhani yonse ya mbuzi ija ndinaimva. Ndangoyang'ana padenga.

Pofuna kuti mitima ikhale pansi, ndawawerengera ndime yachisanu mokweza, monyada. Kulakwa kwake! Manja m'mwamba ngati tikusankha komiti.

Otsala pa seva:
- a Nabanda (akuti alibe chobisa, mudzi wonse umawamva kale)
- a Chiwaya, tena
- besi mmodzi amene wajomba lero
- Fainesi

Miyezi yonseyi anthu ankajambula mokondwa osafunsa kanthu. Ndanena zoona tsiku limodzi, kwaya yabalalika. Zikundiwawa, koma mawuwo ndi awo, si anga. Ndafufuta mmodzimmodzi, pa laputopu ndi pa fulashi, monga ndinalembera.

Pobwerera a Chiwaya akankha njinga yawo pambali panga. "Aluto watsala uja mwamuuza?" Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. Amadziwa. Mpingo wonse umadziwa, ndi wachigayo yemwe. Ine ndekha ndi amene ndimayesa kuti n'chinsinsi.

Uthenga ndautumiza? Ayi. Netiweki inali bwinobwino, vuto ndi chala. Mawa.

Loweruka

Ndatumiza! M'mawa, ndisanadye kanthu, kuti mantha asandipeze nditakhuta. Ndalemba kuti: "Moni. Monga mmodzi wa anthu amene mawu awo ali pa seva ya kwaya, mukuyenera kuona chikalata ichi. Kuno kukuzizira. Kumeneko bwanji?" Ziganizo ziwiri zomalizazo si zalamulo.

Ndachapa zovala, foni pa mwala.

Ndasesa m'nyumba, foni m'thumba la malaya.

Ndakhala pakhonde kuthandiza a Nabanda kuswa mtedza, foni pa bondo. Fainesi wauona uthenga! Akulemba. Wasiya. Akulembanso. Wasiyanso. Munthu angafe ndi timadontho tosonyeza kuti mnzako akulembati.

Mutu wanga wanyamuka kale. Wakwera galimoto yodzera ku Kasiya, wadutsa Santhe, watsika ku Kasungu utavala malaya abuluu aja ankati amandikhala. Ndimutengera mtedza wa kuno. Ndimuuza za nkhuku, aseka, ndikudziwa kasekedwe kake.

Yankho lafika dzuwa litapendeka.

"Zikomo aphunzitsi. Ndawerenga zonse, mwalemba zomveka bwino. Kunonso kukuzizira. Ndikupempha za pa ndime yachisanu. Kuno kuli munthu amene a kwawo anakaonekera kale kwathu, ndiye sizingaoneke bwino kuti mawu anga azikhala pamwamba pa kabati ya mwamuna wina. Mupereke moni ku kwaya."

Amati zikalata zimenezi palibe amene amaziwerenga. Changa chawerengedwa mpaka pansi.

Ndayankha kuti, "Pempho lanu lalandiridwa."

A Nabanda: "Mwasiya kuswa bwanji, aphunzitsi?" Ndati chala chikupweteka. Andiyang'ana, atenga lichero langa, athira mtedza wanga m'lawo.

Maganizo oipa amene abwera:
- Fulashi ndi kanthu kakang'ono. Adziwa ndani?
- Ndinalemba kuti "tsiku lomwelo kapena lotsatira". Lotsatira ndi mawa. Ndiye kuti lero sindinaphwanye lamulo.

Ndatenga ganizo lachiwirilo. Ndalowa m'nyumba dzuwa likadalipo, ndamumvera mpaka batire yayamba kudandaula.

Lamulungu

Ku tchalitchi kwaya yaimba nyimbo yakale, imene aliyense anailoweza pamtima. Yayenda bwino kwambiri popanda foni ya munthu. Palibe wafunsa za kapulogalamu. Moni wa Fainesi ndapereka, onse ayankha mokondwa, kupatula a Chiwaya amene angondigwira paphewa.

Ku sitolo ya mapulogalamu sinditumizanso. Anthu atatu angathe kungokumana pakhonde.

Nditabwerako ndatsitsa laputopu pa kabati. Ndatumiza kaye uthenga kwa Fainesi nambala yake isanachoke: "Zikuchitika lero." Wayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choimika. Basi.

Ndafufuta dzina. Ndafufuta nambala. Pa mawu, kompyuta yandifunsa ngati ndikutsimikiza. Funso labwino. Ndadina inde.

Fulashi ndaigwira m'manja nthawi yaitali. Palibe wondiona, palibe amene adzabwere kudzafufuza. Koma iye wakhulupirira zimene ndinalemba, ndipo chichokereni kuno ndi chinthu chokhachi chimene wandipempha. Ndailowetsa mu laputopu. Ndafufuta.

Kenako ndadina nyimbo yathunthu, sindikudziwa chifukwa chake. A Nabanda ayamba, a Chiwaya alowa, besi akutsatira pansi. Pa vesi lachiwiri a Chiwaya anakonza zoti onse aleke, aluto apitirize yekha mzere umodzi. Onse aleka. Foni yangoti zii m'manja mwanga.

Ndadikira mpaka besi walowa.