Tiyamike Amutenga ku Koleji, Ine Ndili pa Mopu

Lolemba

Tiyamike amutenga ku koleji. Tiyamike yemweyu, mlamu wanga, mchemwali wawo wa amuna anga, amene akugona pabalaza pathu kuno ku Kawale chilembereni mayeso a fomu folo. Kosi yake akuti ndi yothandiza odwala obanika: a mphumu, a chibayo, onse opumira m'makina. Zaka zitatu.

Ndamuvinira. Ndalulutira mpaka agalu a aneba kuyamba kuuwa. Kenako ndalowa kubafa, ndangokhala pa ndowa.

Ine zaka khumi ndi chimodzi ndikukolopa wodi ya abambo kuchipatala. Masilinda a okosijeni ndimagubuduza ndine. Makina a mpweya akayamba kulira ndimadziwa ngati madzi atha m'kabotolo kapena paipi yapindika, ndisanayang'ane n'komwe. Nanga Tiyamike? Mwezi watha achimwene ake atakhosomola n'kulavulira m'chitini, anathawira kuseri, chakudya osachiyang'ana mpaka mawa lake.

Papepala lomwe wabwera nalo alemba kuti malo ochepa atsalako, a anthu amene akugwira kale ntchito m'zipatala. Atseka Lachisanu. Ndalijambula pafoni iye ali kumsika.

Zofunika:
- makirediti sikisi, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu, Bayoloje ndi Fizikisi
- satifiketi
- kalata ya kuntchito
- kalata ya dokotala yoti uli bwinobwino
- zithunzi ziwiri

Masiku anayi. Sindiuza munthu. Adzangondiona nditakhala pa desiki ya kutsogolo kwake!

Lachiwiri

Satifiketi yapezeka, m'sutikesi, pansi pa diresi la ukwati. Mphemvu zadya ngodya imodzi, koma si ngodya imene ndikanafuna kuti zidye.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti Bayoloje ndinakhoza bwino, mpaka ndemwe ndinayamba kukhulupirira. Pepala likuti 7, kungopulumuka chabe. Kirediti imathera pa 6. Masamu 8. Fizikisi musandifunse.

Makirediti anga: Chichewa, Baibulo, Zaulimi, ndi phunziro la zapakhomo lija. Anayi. Komatu Zaulimi si Bayoloje yomweyo? Mbuzi ili ndi mapapo. Ndikawafotokozera.

Zithunzi ndajambulitsa pamsika. Wojambula akuti, "Amayi, mwetulirani pang'ono, si zapamaliro izi." Ndatuluka ngati munthu amene amubera nkhuku.

Kunyumba ndapeza azimayi atatu a kumpingo ali pakhonde, akuti abwera kudzaona "adokotala". Mmodzi akumuonetsa Tiyamike bondo lotupa. Bondo! Kodi bondo limapuma? Iye akuligwiragwira, mutu akugwedeza ngati akumva kanthu.

Tiyi ndawaphikira ndine.

Lachitatu

Ndawakokera pambali asisita oyang'anira wodi yathu, ndawanong'oneza. Sanandiseke, Mulungu awadalitse. Alemba kalata pompo.

Kalata ikuti: ndi wolimbikira, sachedwa, amakolopa mpaka pansi pa mabedi.

Ndati, asisita, nanga za okosijeni?

"Inu, ndikalemba zoti mumagwira makina aja, mawa tonse awiri tikagulitsa tomato mumsika wa Chilinde. Papepala inuyo ndinu a mopu."

Cha m'ma 11 magetsi phi! Jenereta ikukhosomola, osalira. Madala a pa bedi 9 makina awo azima, milomo yayamba kutuwa. Anesi onse ali kumapeto kwa wodi ndi wodwala wina. Mopu pansi. Silinda ndagubuduza, sipanala, tsegu, paipi ndasamutsa. Madala aja akoka mpweya, anditsinzinira diso, akuti, "Zikomo anesi."

Sindinawatsutse.

Asisita atafika angoyang'ana silinda, ayang'ana ine. "Ine sindinaone kanthu. Pukutani madzi awo, munthu angagwe."

Tiyamike lero wasintha chithunzi chake pafoni. Wakoleka chopimira pachifuwa m'khosi. Chobwereka, ndipo wachivala mozondoka.

Lachinayi

Kalata ya dokotala. Ichi ndiye ndimati chophweka.

Andiyeza magazi, bwinobwino. Maso, bwinobwino. Kenako andipatsa kachipangizo kouziramo mpweya, komwe ndimakatsuka ndekha Loweruka lililonse. Akuti uzirani ndi mphamvu zonse.

Ndauzira. Kamuvi kake kangosuntha pang'ono ngati kakuchita manyazi.

Kachiwiri. Kachitatu. Ndayamba kukhosomola.

"Mumasuta, amayi?"

Ine?! Wa kwaya ya amayi?

Akuti mwina ndi utsi wa makala, kuphatikizapo mankhwala okolopera amene ndakhala ndikupuma zaka zonsezi. Akuti ndi kamphumu kochepa, sikangandilepheretse sukulu. Kalata asayina. Komabe ndinapitira pepala, ndabwerako ndi mankhwala opopera m'kamwa.

Tiyamike wawaona patebulo. "Alamu, mwadwala? Bwerani ndikuphunzitseni kapopedwe kake, ndinaonera pafoni."

Wadzipopera m'diso.

Ndamuthira madzi. Sindinaseke. Ndakasekera kuseri, mpaka chifuwa kundigwira.

Iye mapapo ake ndi abwinotu. Amayimba akusamba, mzere wonse wa nyumba n'kumamva.

Lachisanu

Diresi la buluu, nsapato zopitira kutchalitchi, envulopu m'chikwama. Minibasi ziwiri.

Pageti pali mzere wa ana. Ana enieni, ena ndinawaona akuyamwa. Mu ofesi muli katsikana ka zikhadabo zazitali.

"Mwabweretsera mwana, amayi?"

Ndati ndi zanga.

Kalata ya asisita sanaitsegule. Ya dokotala sanaitsegule. Zithunzi waziyang'ana kawiri, kenako wayang'ana kumbali. Watenga satifiketi, chikhadabo chatsika mzere ndi mzere, chaima pa Bayoloje.

Ndamufotokozera za mbuzi. Ndamufotokozera za madala a pa bedi 9.

"Ndakumvani, amayi, komatu makina athu a kompyuta salandira nkhani. Kalembeninso Chingerezi, Bayoloje, Masamu ndi Fizikisi. Sukulu zamasana zilipo zambiri. Mudzabwere chaka chamawa. Wotsatira!"

Ndikutuluka, misozi ili pafupi, ndangomva, "Alamu!"

Tiyamike. Wabwera kudzatenga mndandanda wa zinthu zofunika pa tsiku lotsegulira. Envulopu ndaikankhira pansi pa chikwama.

Ndati ndimafuna ndione ndi maso anga kumene uzikaphunzirako.

Wandikumbatira. Walira! Wandizungulitsa sukulu yonse atandigwira dzanja, akuuza aliyense kuti, "Awa ndi alamu anga, akwera minibasi ziwiri kudzangoona sukulu yanga." Pawindo la chipinda china ndaona makina onga a m'wodi mwathu, atsopano, akadali m'mapepala. Iye akuti, "Icho ndiye sindikudziwa kuti n'chiyani."

Ndikudziwa ine.

Loweruka

Phwando. Apongozi afika kuchokera ku Dedza ndi thumba la kachewere ndi nkhuku ziwiri. Achibale adzaza bwalo. Ine kumbaula kuyambira m'mawa.

Zolankhula:
- amalume akuti mtundu wawo ndi wa anthu anzeru kuyambira kale
- amuna anga akuti anaona kale nyenyezi pa mwanayu ali wakhanda
- wophika mpunga sanatchulidwe

Masana, utsi wa nyama yootcha wawapeza apongozi. Ali ndi mphumu yakalekale, ndipo mankhwala awo aiwala ku Dedza. Chifuwa chayamba kulira ngati mluzu, mawu osatuluka. Anthu akufuna kuwagoneka pamphasa. Wina akuthamanga ndi madzi. Onse akukuwa, "Adokotala! Itanani adokotala!"

Tiyamike waima ngati mtengo wa magetsi, mbale ya mpunga ili m'manja.

Ndawachotsa pautsi, ndawakhazika tsonga pampando, ndamasula chitenje chomwe anamanga pachifuwa. Ndawaonetsa mankhwala anga, agwedeza mutu kuti ndi omwewo. Ndaboola botolo lapulasitiki kumatako monga amachitira anesi athu, ndalowetsa mankhwala, ndati Tiya, gwira apa. Popa kamodzi, apume kangapo. Popanso. Manja anga ali pamwamba pa ake.

Patapita kanthawi mluzu watha. Apongozi apempha tiyi.

Nthungululu bwalo lonse! Amalume amunyamula Tiyamike m'mwamba. "Asanayambe n'komwe sukulu! Nanga akadzamaliza?"

Mpunga wachiwiri wapserera. Izo ndiye aliyense waona.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndati mutu. Abusa akamuimika Tiyamike kutsogolo n'kumupempherera, ine mtima wanga sunafike pamenepo.

Asananyamuke walowa kuchipinda kwanga, watseka chitseko. Akuti dzulo ankafuna machesi m'chikwama changa, ndiye anaona envulopu.

"Sindiuza munthu, alamu. Dzulo ndikanakhala ndekha amayi akanapita. Tikadzayamba zopita m'mawodi muzidzandionetsa, eti? Ine makhololo ndimaopa."

Wasiya pabedi mabuku ake a fomu folo, Bayoloje pamwamba. Ndimafuna ndimukalipire, koma chomukalipira sindikuchipeza. Mwana ameneyu ngakhale kudana naye sikukutheka, n'zimene zikundinyansa kwambiri.

Ndatsegula pa mutu wa mapapo. Zomwe ndimaziona tsiku ndi tsiku, kani zili ndi mayina aatali chonchi? Ndawerenga masamba awiri. Masamu ndawaika pansi pa bedi kaye.

Atelala abwera anthu ali kutchalitchi, asiya yunifomu ya Tiyamike. Yoyera mbee, matumba awiri. Akuti ikungofunika kusita.

Ndasita. Ndayang'ana pawindo, kunja kulibe munthu.

Manja alowa. Mapewa alowa movutikira. Mabatani atatu a pachifuwa akukana. Ndatulutsa mpweya wonse, mimba ndakokera m'kati, ndamanga limodzi limodzi mpaka lomaliza. Ndaima pagalasi.

Ikundikhala ndithu. Bola ndisapume.