Kamthuthuthu Kamene Kanakumba Chitsime

Sunthirani kuno, ananu, mwambi wa mchenga uja unayamba motere.

Kuchigwa kumene mitsinje imauma n'kutsala mchenga wokhawokha, kunali mnyamata wosoka nsapato dzina lake Lufeyo. Iyeyu anagula kamthuthuthu kakale kwa mlangizi wa zaulimi amene anali atapuma pantchito. Kanali kofiira kofwifwa, kokhala ndi zotchinga maondo zoyera. Amakaniko ankakatchula kuti fifite, ati chifukwa mtima wa injini yake ungakwane m'kapu ya tiyi malo n'kutsalako. Magiya kanali nawo atatu, opondera kuphazi. Petulo kankamwa ngati mwanapiye, kadontho kamodzi basi ulendo wonse wa kumsika, ndipo kakamayenda kankalira ngati makina osokera.

Koma chimene chinamudya mtima Lufeyo ndi kawotchi ka liwiro kapatsogolo. Manambala ake ankathera pa nayinte. Singano ya kawotchiko inali isanadutsepo fote, kupatula potsetsereka mphepo ili kumbuyo, koma iye ankati, "Azungu sangalembe nambala yabodza. Nayinte alimo, akungodikira tsiku lake."

Masana ankakaimika pansi pa mtengo wa bwemba, n'kukhalapo injini ili chete, maso ali gwa pa nambala yomalizayo. Nsapato za anthu zinkamudikira, iye ali kutali.

Tsiku la chinkhoswe chake linafika. Mkazi anali Nasibeko, wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wouma. Kusanatenthe, amalume ake a Zakeyu, amene anali nkhoswe, anafika ndi abale onse, tambala wokapereka kuchikazi ali m'khwapa.

"Mphwanga, tiye. Njira ya kumeneko ndi mchenga. Tinyamukire limodzi."

"Amalume, inu miyendo yanu ili ndi magiya angati?"

"Iwe, ndikunena zaukwati."

"Tsogolani. Ndikupezani musanaone n'komwe madenga a kwawo. Ndipo tambalayo musiyeni, afike ngati bwana, osati wonunkha m'khwapa."

A Zakeyu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamupatsa tambala uja. "Chinkhoswe chopanda mwamuna chimachedwa. Chopanda mwamuna ndi tambala yemwe, ndiye sindikudziwa dzina lake."

Anthu atapita, Lufeyo anamangirira tambala m'dengu kumbuyo. Anapukuta magalasi, anapukuta nyali, anapukutanso kawotchi. Poona kuti nthawi idakalipo, anakhala pampando n'kutsamira chiwongolero, kamphepo ka pansi pa bwemba kakumusisita m'khosi.

Msewu unayamba kufewa. Unadzuka pang'onopang'ono ngati nsalu yoyanikidwa, n'kulunjika kumitambo. Singano inadutsa fote osaima, inadutsa sikisite, mpaka inakagona pa nayinte ngati mwana pamsana pa mayi wake. Nasibeko anali kumbuyo atamugwira m'chiuno, chitenje chake chikuuluka mpaka kuphimba phiri. Pansi, a Zakeyu ankaoneka ngati nyerere yovala jekete. Adokowe ankapatuka mwaulemu. Patsogolo panali mwezi, ngakhale kunali masana, ndipo mwezi uja unatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Kokoliriko!"

Lufeyo anadzidzimuka. Anali tambala m'dengu. Mthunzi wa bwemba unali utathawira kale kummawa.

Sanade nkhawa kwenikweni. Anaponda kiki yolizira injini, kamthuthuthu kanayankha, ndipo panjira youma kanayenda bwino ndithu, singano ikunjenjemera pa fote. Posakhalitsa anafika pamtsinje. Mchenga unali mbee, wotambalala mpaka maso kuwawa, ndipo pakati pake panadutsa mapazi a abale ake, mzere umodzi wooneka bwino.

"Lero ndi lako, nayinte," anatero Lufeyo, n'kulowa mumchengamo ali m'giya lachitatu.

Tayala lakutsogolo linavina kumanzere, linavina kumanja, kenaka linaima. Lakumbuyo lokha ndilo linkazungulira, likumwaza mchenga. Anabwerera m'giya loyamba n'kupotokola mafuta onse. Injini inalira ngati mwana wobayidwa jakisoni, tayala likukumba, likumira, likukumbabe. Singano inali itagona pa ziro, osagwedezeka.

"Ukuchita manyazi chifukwa cha tambalayu?" anafunsa Lufeyo, napotokolanso.

Kamthuthuthu kanamira mpaka mpando, kanatsokomola, kanazima, n'kupendekeka. Dengu linatseguka. Tambala anatuluka, anadzikung'untha, n'kuyamba ulendo wotsika ndi mtsinje. Lufeyo anayamba wavula nsapato zake zatsopano, anaziika bwinobwino pampando, ndiye n'kuyamba kuthamangitsa. Koma phazi lililonse limene ankaponya, mchenga unkalibweza theka. Tambala ankangochepa, kuchepa, mpaka anasanduka kadontho kofiira m'kunyezimira kwa dzuwa.

Pamene ankabwerera, dzuwa litapendeka, thalauza lili mchenga wokhawokha, anapeza anthu atazungulira kamthuthuthu. Abale ake anali pobwerera kwawo. Amuna anali atakazula kale, ndipo m'dzenje limene tayala linakumba munkatuluka madzi oyera, pang'onopang'ono. Pambali pake panagwada mtsikana ali ndi ndowa ndi chikho. Anali Nasibeko, ulusi wa chinkhoswe udakali m'tsitsi.

"Nasibeko," anatero Lufeyo, "ndinali m'njira."

"Ndaona, achimwene," anayankha osadzutsa mutu. Mawu oti achimwene aja anamulasa kuposa minga. "Anandifunditsa nsalu kuyambira mmawa kuti mudzandivundukule. Thukuta lokhalokha. Pomaliza ndinadzivundukula ndekha."

"Nanga akwanu atani?"

"Nkhuku yathu yabwerera m'khola. Ati mwamuna wochedwa pachinkhoswe, tsiku la matenda adzafika maliro atatha." Anamiza chikho, madzi n'kulira m'ndowa. "Koma zikomo. Chilimwe chino timakumba ndi manja osawapeza madziwa. Mwamuna sindinapeze, chitsime ndiye ndapeza."

Anasenza ndowa yake n'kukwera kutsidya, osacheuka. Mpaka lero amayi a kumeneko amati akupita kukatunga kwa Lufeyo.

Lufeyo anayang'ana kawotchi kaja. Mchenga unali utalowa mkati mwa galasi, n'kukwirira nambala ya nayinte.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "tikadzapitanso kukapepesa, inu mudzatsogole, ine ndidza..."

A Zakeyu anamugwiritsa chiwongolero. "Kankha, mphwanga. Ife miyendo yopanda magiya inakafika. Ngakhale tambala wakusiya chifukwa unayamba wavula nsapato. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."