Matimati Anga a mu Ukonde wa Mpira

Anthu a ku Mlolo akamafotokoza nkhaniyi amaikometsera mpaka mwini wakene sindiizindikira, ndiye lekani ndiinene ndekha monga inachitikira, osawonjezera kanthu.

Anali masiku a chipani chimodzi, nthawi ija sopo ndi mchere tinkaziona mwa apo ndi apo. Ine ndinali mphunzitsi, ndinkakhala m'nyumba ya sukulu ndi mkazi wanga, amake Chisomo. Chaka chimenecho mpingo unanditchula kuti ndikhale mkulu wa mpingo, udindo umene malemu atate anga anausenza mpaka imfa, ndipo ndinkaufuna ndithu, sindibisa. Chinatsala n'chakuti akulu adzandiyendere pakhomo, aone kakhalidwe kanga, monga timachitira.

Vuto langa ndi kusakhazikika. Ana akangoweruka, manja amandiyabwa. Ndinapeza kabuku ka ulimi wa ndiwo zamasamba, kolembedwa kumaiko ozizira, kamene kankati matimati amatheka kulima m'nyumba nthawi ya chisanu. Ndinati, nanga ine ndalakwanji? Akulu akadzabwera adzapeza munthu wadongosolo, wodya matimati pamene ena onse akudya mfutso.

Ndinatulutsa katundu m'kachipinda kakumapeto, n'kuzula lata limodzi padenga, n'kutsekapo ndi pulasitiki kuti dzuwa lizilowa. Ndinasonkhanitsa zitini za palafini ndi ndowa yobooka. Mbewu ananditumizira msuweni wanga wa ku Chipata, papepala atalemba kuti "mtundu watsopano". Kabuku kanati pafunika dothi lakuda, lachonde, ndipo ndinalipeza kuseri kwa bwinja la malemu mlonda wa sukulu. Kodi ndinadzifunsa chifukwa chake mdala uja ankatchinga kuseriko ndi mpanda wautali kuposa munthu? Kodi ndinakumbukira kuti ankaseka yekha dzuwa lili paliwombo? Ayi. Ndinangoona dothi labwino.

M'zitini munamera tizomera ta mitundu iwiri, tina tofooka, taubweya, tina tojintcha, tothamangira kumwamba. Kabuku kanalemba momveka: zulani zofooka, siyani zamphamvu. Ndinagwada n'kuyamba kuzula.

"Atate a Chisomo," anatero mkazi wanga ataima pakhomo, "mukuzulawo ndiye matimatitu."

"Amake Chisomo, uwu ndi mtundu watsopano. Buku likutero."

"Bukulo linadyapo matimati?"

Ndinapitiriza kuzula, poti ndinaona kuti si funso la maphunziro. Iye anatola tomwe ndinazulato n'kukatidzala kuseri kwa bafa, ine n'kumumvera chisoni mumtima.

Tsono kudyetsa! Ndinaviika zitosi za nkhuku mumgolo, n'kusakaniza ndi phulusa, n'kutapako kafeteleza pathumba limene tinkasungira munda wa chimanga, mkazi wanga ali kumadzi. Fungo la mgolowo linathamangitsa ngakhale galu wathu. Koma zomera zanga, a! Zinakula ngati zikupikisana. Kabuku kanati zikatalika zimafuna ukonde woti nthambi zizitsamira. Ukonde ndikaupeza kuti ku Mlolo? Ndinakumbukira kuti m'sitolo ya sukulu munali ukonde wa pagolo, umene unkangokhala poti mpira wathu unaphulika kalekale. Ndinaubwereka osauza munthu, n'kuukunga pamisomali khoma ndi khoma, n'kumalowetsa nthambi imodziimodzi m'maso mwake, mosamala ngati ndikuveka khanda.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithera. Belu lisanalire ndinali m'kachipindako, pa buleki ndinkathamangirako ndi lula ya pabolodi kukayeza, masana ndinkasiya chakudya pakati kukaona ngati duwa latuluka. Maluwa achikasu aja a matimati, ng'o! Masamba okhaokha, otambasuka ngati zala za dzanja, ndi kafungo kena kamene kankamatirira ku malaya. Ndinaganiza kuti chakudya chachepa, ndinawonjezera zitosi. Mkazi wanga, amene anakulira pa mishoni ngati ine, ankangoti, "Chimene chili, sindichidziwa. Chimene sichili, ndikuchidziwa."

Akulu anabwera Loweruka masana: abusa, amene anali asanakalambe, ndi a Sakala, mdala wa ndodo amene anagwira ntchito m'migodi ali mnyamata, asanatembenuke mtima. Tinakhala pakhonde, tinapemphera, anamwa thobwa, anandifunsa za banja ndi za katekisimu, ndinayankha zonse bwinobwino. Zinatheka! Abusa anali atatenga kale chipewa. Ndikanangokhala chete mphindi ziwiri, lero sipakanakhala nkhani. Koma kusakhazikika kwanga kuja kunandidzutsa pampando.

"Musanapite, ndikuonetseni kantchito kanga."

Mkazi wanga anatsokomola kawiri kukhitchini. Ndinamumva, koma ndinati ndi utsi.

Ndinatsegula chitseko monyadira. Zomera zinali zitafika kudenga, zitadzaza ukonde wonse. Abusa anati, "Koma ndiye zakula," mawu a munthu wofuna kukhala waulemu. A Sakala analowa. Anathyola tsamba, analitikita m'zala, ananunkhiza, n'kutsinzina.

"Aphunzitsi, mumathira chiyani?"

Ine n'kuyamba kufotokoza, mwatsatanetsatane, za zitosi, za phulusa, za feteleza, za ubwino wa ukonde, ngati ndili m'kalasi. Mdala ankangogwedeza mutu.

"Mwana wanga," anatero nditamaliza, "ine ndinayenda maiko, ndinachimwa kokwanira Ambuye asanandipeze. Koma chamba chonenepa chonchi sindinachionepo."

 Ndinaona nthawi imodzi ukulu wa mpingo ukundithawa, ndi manda a atate anga, ndi apolisi a ku Boma. Sindinaganize. Ndinazula zonse, ukonde ndi nthambi zomwe, n'kukokera pabwalo, n'kuunjikapo udzu wouma, n'kuthira palafini. Ndinkafuna akuluwo aone ndi maso awo kuti ine ndi tchimo sitigwirizana.

"Osayatsa!" anakuwa a Sakala akutsimphina pambuyo panga. "Kumbani dzenje, aphunzitsi! Dzenje!"

Machesi ndinali nditakhwatcha kale.

Unali mwezi wa Ogasiti, wa mphepo. Masamba aawisi sayaka, amafuka, ndipo utsi wonse unalunjika pakhonde pamene abusa anaima, n'kupitirira ku tchalitchi kumene amayi ankasesa pokonzekera Sabata. Ine ndinkazungulira motowo ndi nthambi ya mango, kuukupiza poganiza kuti ndikuzimitsa.

Apa ndiye anthu amanama. Amati abusa anaseka mpaka dzuwa kulowa, amati amayi anaimba nyimbo imodzi maola atatu. Si zoona. Abusa anangotsokomola, maso atafiira, n'kukankha njinga yawo osaikwera. Amayi anaimbadi, koma amaimba nthawi zonse akamasesa. Chimene ndingavomere n'chakuti a Sakala anapempha thobwa lina ndi mbatata ziwiri, ndipo anadya ndi makoko omwe.

Sabata yonse sindinakhale pansi. Ndinkasesa phulusa losesa kale, ndikamva belu la njinga ndinkati ndi apolisi aja. Nkhani sinafike ku Boma, koma inafika kwa akulu onse, ndipo anandiitana. Ndinafotokoza za dothi la mlonda ndi za kabuku. Amene anayankhula pomaliza anali a Sakala.

"Abale, munthu amene waweta chamba miyezi itatu osachizindikira, mtima wake ndi woyera kuposa wanga. Pamenepo palibe mlandu. Koma ndamva kuti mayi wapakhomo anamuuza tsiku loyamba, iye n'kumvera buku. Tsono mkulu wa mpingo ntchito yake ndi kumva anthu. Ayambe waphunzira kunyumba."

Anandidikiritsa chaka chathunthu. Chaka chimenecho ndinachithera kuluka ukonde wa pagolo ndi khonje, poti ahedi anaufuna tsiku lomwe mpira watsopano unafika.

Tsiku la chigamulo nditabwerera kunyumba, ndinapeza ndiwo zofiira bwino. Ndinafunsa kumene matimati achokera nyengo yosowa ngati imeneyo.

"Kuseri kwa bafa," anatero amake Chisomo. "Ndi zofooka zija."

Mabuku ndimawerengabe, sindinasiye. Koma kuchokera tsiku limenelo sindizula chilichonse chomera, ngakhale chisoso, ndisanaitane mkazi wanga kuti adzachione kaye.