Malaiti a ku khola la anapiye

Lolemba
Kuzizira. Mawondo akudandaula. Amake Tisa akuti anapiye awo afika Loweruka kuchokera ku Chongwe, ndipo popanda moto sagona masiku awiri. Akufuna mbaula. Mbaula, pakhomo pali malaiti! Nawauza kuti m'khola muyaka babu, waya nikoka nekha.
Akuti, "Itanani apongozi, ni ntchito yawo." Inde, amuna a Tisa anaphunzira za malaiti. Ine sukulu sininaipondeko, zilembo izi ninatola m'buku la nyimbo, koma nyumba ino ninamanga nekha. Nikapemphe nzeru kwa mwana amene ninamupatsa mkazi? Iyayi.

Lachiwiri
Zida zilipo:
waya wotsala pa mpanda wa dimba,
pulayasi,
malegeni,
majombo.
Waya ni wosavala, nikudziwa. Nanga mbalame zimatera pa waya wa kumsewu zitavala chiyani?
Nzeru yanga nayi. Malaiti kuno ku Kanakantapa amachoka osatsazika, amabwera osaodira. Koma chigayo cha ba Chanda chili pa laini imodzi na ife. Chikamalira, alipo. Chikakhala chete, apita, gwira waya. Zofuna sukulu zimenezi?

Lachitatu
Chigayo chete m'mawa wonse. Nakoka mawaya awiri kuchokera pa soketi ya pabalaza, pawindo, pa mtengo wa mango, mpaka ku khola. Masana chigayo chikulira. Babu layaka! Kenako kaswichi ka m'bokosi la pakhoma kagwa. Nakakweza. Kagwa. Nakakweza. Kagwa. Kaulesi! Nakamanga na legeni. Kaima chilili, koma nyumba yonse mdima. Kagwera mkati, kamwano.
Amake Tisa: "Atate ake, muno mukununkha tayala." Mphuno zawo sizipuma.
Napeza kuti mawaya akukhudzana pa mango. Nawalekanitsa na kamtengo. Kaswichi kamvera. Khosi likuwawa.

Lachinayi
Waya walendewera, ufika pamutu. Ufunika kukoka. Babu nachotsa, lili m'thumba, lisayake masana pachabe. Natchera khutu. Chigayo zii. Navala majombo. Dzanja lina pa malata a khola, lina pa waya.
Mayo!
Sinikudziwa kuti nafika bwanji pa mphasa yoyanikapo chimanga. Mano akugundana. M'kamwa mukukoma chitsulo. Babu laphwanyikira m'thumba.
Chigayo chili chete chifukwa ba Chanda atseka, apita ku maliro ku Bundabunda. Munthu kupita osauza anansi!

Lachisanu
Dzanja ngati la wina. Nikulemba mokhota. Amake Tisa anikokera ku kiliniki. Anesi akuti mtima ukugunda bwino, koma "ba shikulu, agogo inu, majombo sathandiza ngati mwagwira malata." Ine nikuti jombo lakumanzere lili na kabowo. Sakumva.
Kunyumba kaswichi agwetsa amake Tisa, waya azula, soketi yada bii. Anangoti, "Anapiye ni mawa." Ayi, anawonjezanso: "Umasiye sininaupemphe."
Nagona masana. Ine!

Loweruka
Minibasi yatsitsa katoni ya anapiye. Yatsitsanso apongozi. Sininawaitane.
Anjuta patali, chipewa m'manja. Ayang'ana soketi, ayang'ana mango, ayang'ana pansi. Akuti, "Atate, njira mwasankha yabwino." Kenako akudula zonse. Akuti pafunika waya wovala, wodutsa m'paipi pansi pa nthaka, ndipo abwera nawo sabata yamawa. Akuti kaswichi kaja sikaulesi, kamagwa kuti nyumba isapse. Nayankha kuti nimadziwa.
Anapiye akulira, aunjikana pakona. Mbaula yatuluka. Amake Tisa akuti wolonjeza moto ndiye ausonkhe.

Sondo
Ku tchalitchi ba Chanda anipatsa moni: "Shani mudala! Namva maliro akanakhala awiri." Anthu akuseka mpaka pa chipata. Nikanawaloza chala, koma dzanja silikwezeka bwino.
Tsopano nili pa mpando pakhomo la khola. Makala kumanja, mbaula kutsogolo, utsi m'maso. Anapiye onse ali moyo, akudya ngati alipira. Ngalande ya paipi akuti nikumbe ine, poti khasu lilibe malaiti.
Waya wanga amake Tisa aumanga pakati pa mango na nkhokwe. Ayanikapo buluku langa lija la thumba la magalasi. Sukulendewera ngakhale pang'ono. Waya wolimba. Zimenezo palibe akunena.