Mathalauza Asanu Amene Ndinasoka Osatumidwa

Bambo Fergus anangopempha pini basi. Anatsikira okha kuchipinda chochapira cha hotela yathu ku JLT, dera lina la mu Dubai, atanyamula mathalauza asanu oti tisite, n'kuwerenga baji yanga pang'onopang'ono: "Chi-mwe-mwe." Miyezi inayi ndili ku Dubai, palibe mlendo anayeserapo kutchula dzina langa. Ndinachotsa pini pamalaya anga n'kuwapatsa, maso ali pansi.

Anali woimba wa bandi ya anthu asanu ya ku Scotland, yoimba nyimbo zaphokoso, kuvinitsa anthu ndi kuwaseketsa. Ine ndinali ndi kalata imodzi yochenjeza chifukwa chowotcha nsalu ya patebulo. Makalata akakwana atatu, munthu umakwera ndege yobwerera kwanu.

Nditatambasula thalauza loyamba, mtima unandiwawa. M'mbali monse losasoka, longogwirizika ndi timabatani tomata! Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka onse asanu. Ndinati abale, anthuwa ndi ovutika ngati ine, ali kutali ndi kwawo, alibe wowasokera. Nkhomaliro sindinadye. Ndinasoka kawirikawiri, msoko umene malemu mayi ankasokera yunifolomu yanga kuti ikwane zaka zitatu. Kufunsa? Ine wamanyazi ndikanayambira pati?

Loweruka masana supavayiza wathu anati, "Yalla, fulumira, pititsa nsaluzi kuholo." Ndinapeza bandi ija ikuimba, nyimbo itafika pakolasi, anthu ali chilili. Ng'oma inalira mothamanga, kenaka zii. Onse asanu anagwira mathalauza awo m'chiuno n'kukoka mwamphamvu.

Palibe chinachitika.

Anakokanso. Woimba gitala anafiira nkhope ngati tomato. Bambo Fergus anakoka kachitatu n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Woperekera zakudya wina wa ku Zambia anandinong'oneza, "Sisi, mathalauza aja afunika kuchokeratu, atsale ndi masiketi akwawo mkati. Ndiye anthu alipirira zimenezo. Nanga ndani wawasoka?"

Ine nkhope gwaa, ulusi wakuda udakali m'thumba.

Kalata yachiwiri ndinasayina tsiku lomwelo. Supavayiza sanakalipe n'komwe, anangoti "khalas," kutanthauza kuti basi zatha, n'kundipatsa kalumo koti ndisosole ntchito yanga. Ndinasosola ndikulira, ndipo msoko wa mayi sunkalola. M'basi yobwerera ku Al Qusais, kumene tinkagona, ndinkangoganiza za mng'ono wanga wa Fomu 3 amene amadalira ine. Mayi wina wa ku Nepal anandisiyira mpando wa pawindo osandifunsa kanthu.

Mawa lake Bambo Fergus anatsikanso, akutsimphina. Ndinafuna kulowa m'makina ochapira. Anayankhula ndi supavayiza pambali, nthawi yaitali, ndipo za ndege sindinamvenso. Potuluka anaima patebulo langa, n'kuikapo pini yanga ija mwakachetechete.

"Chimwemwe," anatero, "batani la malaya angawa likugwedera. Chonde, usalikhudze."

Sindinalikhudze. Lero ngakhale mlendo abweretse sanza, ndimasita sanzayo bwinobwino n'kuibweza ndi mabowo ake onse.