Mmene Dzuwa Linandithawira pa Chinkhoswe cha Elube

Mwambi mwamva agogo anu aakazi akundigenda nawo dzulowu unayamba motere, ndipo unayambira pabwalo mwakhalapo lomweli. Aphunzitsi akakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale musatsutsane nawo, koma mumtima muzidziwa kuti kholo lake ndine agogo anu, Namakhwa. Chimakina chadzimbiri mukufunsacho, chimene nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa nkhokwe, ndicho mboni yanga.

Nditapuma ntchito ku esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje, ndinatsala ndi matenda amodzi: kapinga. Zaka zonse ndinkasirira bwalo la bwana wamkulu, lometedwa bwino ngati mutu wa msilikali, ndiye ndinadzala wanga pakhomo pano. Ometa anali mbuzi zanga zinayi, ndipo pamene zasiya ndinkamalizitsa ndi chikwakwa.

Tsiku lina mu Okutobala ndinapita ku Limbe kukagula malata. Pakhonde la sitolo ina ndinapeza anthu ataunjikana, wogulitsa akuyendetsa makina otchetchera udzu, opanda utsi, opanda phokoso.

"Amamwa petulo wochuluka bwanji?" ndinafunsa.

"Petulo wa chiyani, bwana? Awa amadya dzuwa. Mungoyanika sola yakeyi panja, batire lidzaza, basi. Kwanu dzuwa mumagula?"

"Bwana" ameneyo anandilowa mpaka m'mafupa. Kuyang'ana kumwamba, dzuwa likuswa mtengo. Za malata ndinaiwala. Sabata yomweyo mbuzi zonse zinapita kumsika, makina n'kufika pakhomo.

Agogo anu anawazungulira kawiri, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Elube, mwagulitsa zotchetcha zobereka, n'kugula chotchetcha chosabereka?"

"Inu mayi, chitukuko simuchidziwa," ndinatero.

Mwezi umenewo kapinga anali atauma gwa, koma batire linali lodzaza tsiku lililonse, ndiye ndinkatchetcha fumbi, anthu atayima m'mbali kuonerera. Ndinatupa mutu, adzukulu anga, ndinatupa! Pa bawo ndinalumbira pamaso pa anzanga kuti, "Chikwakwa chikadzakhudzanso kapinga wanga, dzina loti Namakhwa mudzapatse galu."

Kenaka mayi anu Elube anapeza mwamuna, umbeta wawo n'kutha, chinkhoswe chawo ndi bambo anu Lakisoni n'kuikidwa mu Febuluwale. Mlamu wanga Mulipa, malume ake a Elube, amene anali nkhoswe yathu, anati tipemphe holo ya kutchalitchi. Ndinakana. Mwana wanga amangidwe ukwati pa simenti, bambo ake ali ndi kapinga? Ndipo pamene a Mulipa ankasonkhanitsa khasu ndi nkhwangwa zokapatsa mkamwini, ndinaponyapo chikwakwa changa.

"Kampatseni mkamwiniyo, alamu. Ine pamenepo ndinadutsapo kale."

Chimene mutu wanga wonsewu sunaganize n'chakuti udzu umamera ndi mvula, ndipo mvula ikabwera dzuwa limachoka. Inu mukuidziwa mvula ya kuno phiri likavala mtambo. Inagwa milungu itatu osapuma. Kapinga anafika m'mawondo, nsenjere n'kulowererapo, kanyale ka batire kali psuu, kofiira.

"Itanani anthu atchetche, masiku atha," anatero agogo anu.

Ndiitane ndani? Anzanga a pa bawo aja? Ndinati dzuwa lituluka mawa. Ndinasanduka mlonda wa mitambo, sola ili m'manja, kuthamanga nayo uku ndi uku pakangowala pang'ono. Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, dzuwa linasuzumira nthawi yongokwanira kumwa kapu ya tiyi. Makina analira, n'kutchetcha malo okula ngati mkeka umodzi, n'kufera pakati pa udzu pomwepo. Ndinawasiya, mtima ukuwawa.

Loweruka alendo anafika atapinda mathalauza, amayi atakwinya zitenje, akuwoloka udzu wanga ngati mtsinje. Pa kamkeka ndinatchetcha paja ndi pamene tinakhazika Elube ndi Lakisoni. Ena onse ankangooneka mitu ndi maambulera.

Inafika nthawi yosinthana nkhuku. Mukudziwa mwambo wake: akuchimuna apereka tambala, ife akuchikazi tipereka thadzi, ndipo popanda zimenezi ukwati sunamangidwe. A Mulipa ananyamula thadzi lathu ndi manja onyowa. Linangoti phuu, kupulumuka, n'kulowa mu udzu. Zii.

Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wamfupi wosaseka, inakumbatira tambala wake.

"Ife tachokera kutali ndi tambala wathu. Ngati thadzi palibe, tibwerera naye, ndi mnyamata wathu yemwe."

Ndinamva Elube akusisima. Pamenepo manyazi anandichokera, mantha n'kulowa, poti mwana wanga ankataya banja chifukwa cha kapinga wa bambo ake. Ndinalowa mu udzu ndi suti yanga ya kutchalitchi, chokwawa, ndikuitana, "Kiti, kiti, kiti!" Chitedze chinandipeza m'khosi. Ndinaterereka n'kugwera chafufumimba m'ngalande ya madzi, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Thadzi osaoneka.

Ndikudzutsa mutu, ndinaona Lakisoni atavula jekete, atanjuta pafupi nane, m'manja muli chikwakwa changa chomwe chija, chimene anali atangolandira kwa a Mulipa.

"Bambo, mundilole?"

Kumbuyo kwake anzanga a pa bawo anali atatalikitsa makosi, akudikira yankho. Ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana Elube.

"Tchetchani, mwananga," ndinatero ndi mawu aang'ono.

Mkamwini anatchetcha pa tsiku la chinkhoswe chake, tayi ili pakhosi, amayi akululutira. Atafika pakati anawerama. Thadzi linali litausa mvula pansi pa makina anga aja, louma bwinobwino, ndipo imeneyo ndi ntchito yokhayo yooneka imene makinawo anagwirapo pakhomo pano. Nkhuku zinasinthidwa, ukwati unamangidwa, n'chifukwa chake inu mulipo lero. Galu wa a Mulipa amene mumamutcha Namakhwa uja, tsopano mwadziwa kumene anatenga dzina.

Alendo akubalalika ndinayima pakati pa bwalo, matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato, khosi likuyabwa. Ndinafunabe kutola kaulemu kotsala, ndiye ndinaloza kuphiri.

"Mayi a Elube, taonani uko kukuyera. Mvula ikata posachedwa, mawa makina adzuka."

Ndisanatseke pakamwa chiphaliwali chinang'anima, chimvula n'kukhuthuka kuposa poyamba. Agogo anu anandiyang'ana kuyambira kumwamba mpaka pansi, ali pakhonde pouma, n'kupukusa mutu.

"Imani pomwepo, bambo a Elube, musandilowetsere matope m'nyumba. Yakuonani kale. Mvula ikakuona litsiro siikata."