Nang'omba ya ku Dimba

Mpaka lero munthu akatchula za mbalame, ine ndimasintha nkhani msanga. Mkazi wanga amati ndiiwale, koma ndi iye yemweyo amene amayamba kuseka tikangoona khwangwala padenga.

Ine kwathu ndi ku Mayani, koma ndinakwatira ku Mphunzi, ndipo ndinakhala pachikamwini zaka zingapo. Chaka chimenecho ndinali nditapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala tikakhale kwathu, kumene njerwa ndinali nditawotcha kale. Atsibweni a mkazi wanga anati ayankha Lamulungu, akamva kaye maganizo a apongozi anga aakazi. Ndiye sabata imeneyo ndinasanduka mngelo. Nkhuni ndinkawaza osatumidwa, ngakhale mbuzi zawo ndinkazipatsa moni.

Apongozi angawo ndi a mwambo wakale. Sitiyang'anizana. Akandiona ndikubwera panjira, amapatukira patchire n'kunjuta chofulatira, ine n'kudutsa maso ali pansi. Nkhope yawo ndinkaidziwa bwino pa chithunzi cha ukwati wathu kuposa pamaso.

Ganyu wanga anali woperekeza alendo odzaona zojambula za m'mapanga. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachizungu amene zojambulazo anangoziyang'ana pang'ono, mtima wake wonse uli pa mbalame. Anandibwereka magalasi ake oonera patali aja. Abale inu! Kambalame kali kutsidya kwa chigwa, ine n'kumaona nthenga iliyonse payokha, mpaka diso likuphethira. Pochoka anandifunsa ngati kuno kukupezekabe nang'omba, chimbalame chakuda cha khosi lofiira chija, chamanyazi, choyenda pansi ngati munthu. Anati ngati iliko adzabwera ndi anzake ambiri. Ine ndinati iliko yambirimbiri (ndinali nditaiona kamodzi kokha, ndili mwana).

M'mawa mwake ndinali pa shopu ya Che Saidi ku boma la Dedza. Ananditulutsira mitundu iwiri ya magalasi oonera patali.

"Awa ndi olemera, bwana, koma galasi lake n'loyera ngati madzi a pachitsime," anatero Che Saidi. "Ofiirawa amakoka kwambiri, koma dzanja likangonjenjemera pang'ono, dziko lonse limavina."

"Okoka kwambiriwo ndi amene ndikufuna."

"Mudzaona malo ochepa, ngati mukusuzumira pa bowo la kiyi. Kukachita nkhungu ndiye basi, mdima wokhawokha."

Ine ndinangoti awa akufuna kundigwetsera pa odulawo. Komanso magalasi ofiirawo ankanyezimira mwaulemu, ngati a msilikali wa mufilimu. Ndinawakoleka m'khosi pomwepo, ndipo mu minibasi ndinakhala chotukula chifuwa.

Loweruka m'mamawa ndinakwera pathanthwe la kuseri kwa mudzi. Unali mwezi wa Juni, chisanu chija cha ku Dedza cholowa mpaka m'mano, nkhungu ili mbuu m'chigwa monse. Nditaika magalasiwo m'maso sindinaone kanthu. Ndinapotokola kagudumu ka pakati, kunabwera utsi. Ndinapotokolera kwina, utsiwo unasanduka phala. Mpweya wa m'kamwa mwanga unali utaphimba galasi, ndiye ndinapukuta ndi mpendero wa juzi, n'kusiyapo timizere. Phiri lonse linkadumphadumpha chifukwa manja anali kunjenjemera, ndipo chilichonse chinali ndi mkombero wofiirira, ngakhale mitengo. Sindinadziwe ngati vuto ndi magalasi, maso anga, kapena mmene dziko limaonekera ukaliyandikitsa.

Ndili pafupi kusiya, ndinaona chinthu kumunsi kuja, cha ku madimba. Chakuda. Pamwamba pake pofiira. Chikuwerama, kujompha pansi, kuweramuka, kusuntha pang'ono, kujomphanso.

Nang'omba! Ndinaona kale alendo akutsika m'galimoto, ine patsogolo, nyumba ya ku Mayani itafoleredwa ndi malata.

Ndinatsika pathanthwepo chonyang'ama. Magalasi sindinawachotse m'maso, poopa kuti ndikangowachotsa sindiipezanso pa bowo la kiyi lija. Ndinkaponda mopapasa ngati wakhungu, kwinaku chinthu chakudacho chikutuluka ndi kulowa m'maso mwanga. Nditafika m'mphepete mwa madimba, chinaima n'kutukula mutu. Kenako chinatembenuka msangamsanga n'kulowa mu udzu wautali.

Ndinati eya, mbalame yamanyazi, mzungu uja ananena. Ndinachitsatira.

Chinasunthira kutsogolo, kuseri kwa nthochi. Ine pambuyo. Chinatuluka ku nthochi kulowa m'mabango. Ine pambuyo. Chinkandidabwitsa n'chakuti sichinkauluka, ndiponso nthawi zonse chinkandilozetsa msana. Mapeto ake chinafika pa mpanda wa minga, poti sichikanapitirira, n'kukhala pansi mu udzu kuti phee, pofiira pokha pakuonekera.

Ndinati ndapeza chisa, ikufungatira mazira.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindikuchimvetsa mpaka pano. Ndinakumbuka kulira kwa nang'omba, ndiye ndinati ndiinyengerere kuti itembenuke ndione nkhope. Ndinanjuta, ndinakoka mpweya, n'kuyamba ndi mawu a pansi pa chifuwa: "Huu, huu, hu-hu-huu!" Sinatembenuke. Ndinabwereza mokweza, uku ndikukwawira pafupi (ndikuganiza kuti ndinakupizanso chigongono chimodzi, koma izi ndimakana). Ndikukokanso mpweya wina, bondo linaphonya nthaka ndipo ndinagwera chamutu mu ngalande yothirira mbatatesi.

Madzi a Juni amatsegula maso kuposa galasi lililonse. Nditadzuka, magalasi akulendewera kumsana, ndinaona chitenje chakuda, juzi yakuda, ndi duku lofiira. Pambali pake panali dengu la mpiru. Panalibe ngakhale nthenga imodzi.

Kenako mawu anatuluka mu udzumo, mwini wake akuyang'anabe ku minga.

"Kodi apongozi, kwagwanji kumudziko?"

"Kulibe, amayi. Kuli bwino."

"Nanga mwana akudwala?"

"Ayi, ali bwino."

"Chifukwa ine ndapatuka, inu mwapatukanso. Ndalowa ku nthochi, mwalowa. Ndafika paminga pano, ndiye mwayamba kubuula. Ndimati mwina mwabwera ndi uthenga wa maliro koma ukukukanikani kunena."

Ndikanangovomera kuti ndadwala mutu, bwenzi zitathera pomwepo. Koma pakamwa panga panathamanga kuposa nzeru.

"Pepani amayi, ndimayesa ndinu mbalame."



"Mbalame yanji?"

"Nang'omba, amayi."

"Oho," anatero. "Pitani mukasinthe zovala, mungadwale chibayo."

Ndinabwerera kunyumba madzi akuchucha, manyazi akundiotcha makutu. Mkazi wanga atamva, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anasiya mwadzidzidzi n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, mawa ndi Lamulungu." Apo ndi pamene mantha enieni anandigwira.

Titaweruka ku Misa, atsibweni anandiitanira pansi pa mtengo wa mapichesi. Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene mawu awo ankamveka koma iwo osaoneka. Atsibweni anayamba ndi kunditamanda, kuti ndine wolimbikira, sindimwa, sindimenya mkazi. Ine n'kumati mwina nkhani ija sinawafike.

"Koma alongo angawa ali ndi nkhawa," anapitiriza, akulimbana ndi milomo yawo kuti isaseke. "Akuti za mwana wawo sakuda nazo nkhawa, ndi wochenjera. Nkhawa yawo ndi inuyo. Akuti munthu wotere akapita kutali, adzamuyang'anira ndani?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu: "Alime nafe kaye chaka chino. Ndipo timagalasito abwere nato kuno, tisanapweteketse munthu."

Njerwa zanga ku Mayani zamera ndere. Ine ndikadali ku Mphunzi, ndipo magalasi aja apongozi sanawataye. Akuti amawathandiza kundionera patali, kuti azipatuka nthawi ikadalipo. Ndikamalima kumunda, ndimaona timaso tiwiri tofiira tikunyezimira pakhonde pawo, tikunditsatira mzere ndi mzere. Ndimawadziwa bwino magalasi amene aja. Ndimangopemphera kuti chimene akuona mmenemo chikhale munthu.